Supu Wozizira ndi Nsagwada za Atate

Agogo Sakala akabwera m'maganizo mwanga, chimayamba kufika ndi fungo la chiguduli chonyowa chikuuma pamphepo ya mwezi wa Okutobala, fungo la ulusi ndi fumbi losakanikirana ndi la matimati ongosendedwa kumene. Kenaka ndimamva madzi akudontha kuchokera m'chigudulicho, dontho limodzilimodzi, kugwera m'beseni lachitsulo pansi pa mtengo wa mabulosi umene unaima pakati pa nyumba yawo ndi yathu ku Kalingalinga, malata a padenga akuthetheka ndi dzuwa, amayi a kumpopi akukangana za amene anayamba kuika ndowa pamzere. Sanali agogo anga enieni. Anali mnansi wathu, bambo wa ku Petauke amene mkazi wake anamwalira kale, ndipo anagwira ntchito ya ukuki kumayadi zaka zambiri asanapume. Anthu a m'komboni ankawatchula ba Kuki, ena mwaulemu, ena monyodola kuti mwamuna wamkulu anathera moyo wake pa ntchito ya akazi. Ana tinkawaopa, chifukwa ukawapatsa moni ankayamba kuyang'ana zikhadabo zako asanayankhe.

Nkhani imeneyi mlongo wanga Yohane amaikamba pa maukwati ndi pamaliro, ndipo chaka chilichonse imanenepa. Iye amati azungu amene agogo Sakala ankawaphikira anali Ataliyana, pamene anali a ku Sipeini. Amatinso azakhali athu anali mayi wankhanza amene pamapeto pake anamwa botolo lonse la supu n'kupempha lina. Zimenezi sizinachitike. Yohane anali ndi zaka zinayi, ndipo tsiku limenelo anagona masana onse kwa anansi akuseri. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili m'Giredi 7, ndipo supuyo ndinamupanga ndine ndi manja angawa. Ndinamaliza Fomu 5, ndinalemba makalata a muofesi mpaka kupuma ntchito popanda bwana kundibwezera ndi imodzi yomwe, kotero ndikukhulupirira kuti ndingathe kufotokoza masiku asanu a m'nyumba mwathu mosawonjezera kanthu.

Atate ankagwira ntchito pa lole yonyamula mchenga. Inali lole yakale, yoliza mochita kupukusa chitsulo kutsogolo kwake, ndipo tsiku lina chitsulocho chinabwerera mwamphamvu n'kuwamenya pachibwano. Nsagwada inathyoka pawiri. Kuchipatala anawamanga mano a m'mwamba ndi a m'munsi pamodzi ndi waya, nanena kuti pakamwa sipadzatseguka mpaka patatha masabata asanu ndi limodzi. Njira yokhayo ya chakudya inali kampata kamene kanatsala pamene panaguluka dzino limodzi. Powatulutsa, namwino anapatsa amayi kachitsulo kodulira waya, nawauza kuti atate akangoyamba kusanza adule mawayawo nthawi yomweyo, chifukwa munthu wotsekedwa mano akasanza amatsamwa n'kufa anthu akuona. Amayi anakamanga kachitsuloko ndi chingwe n'kukavala m'khosi, ndipo ankapita nako ngakhale kumpopi.

Vuto linali chakudya. Phala lotentha linkawawawa m'zilonda zimene waya anacheka m'nkhama. Likazizira linkalimba, osadutsanso pakampata kaja. Thobwa linkasiya misere m'mawaya. Tiyi wa shuga ankawabweretsera nseru, ndipo tsiku lina m'mimba mwawo munadzuka ndithu, mapewa akugwedezeka, amayi atagwira kale kachitsulo m'manja. Sanasanze, koma kuyambira tsiku limenelo anachita mantha ndi chilichonse chokhala ndi fungo, namangomwa madzi. Sabata lachitatu likutha, mafupa a pakhosi anali ataonekera, ndipo wotchi yawo inkatsetsereka mpaka pachigongono.

Ndi pamene anafika azakhali aNaphiri, mlongo wawo wamkulu wa atate, kuchokera ku Katete. Anafika Lolemba ndi kathumba ka ufa ndi nkhuku yomangidwa miyendo, ndipo atalowa m'chipinda anakhalamo nthawi yaitali. Mayi ameneyu ndi amene analera atate makolo awo atamwalira. Mlongo wawo wina wamwamuna anafera ku migodi, naikidwa ndi anthu achilendo, uthenga n'kufika kumudzi manda atauma kale. Ndikunena zimenezi kuti wowerenga adziwe kuti chimene chinawatsogolera sichinali nkhanza. Anali ndi mantha ngati ife tonse, kungoti mantha awo anali ndi mphamvu yolamula.

Atatuluka anakhala pakhonde n'kuuza amayi kuti basi ya kummawa imanyamuka Loweruka, ndipo ngati pofika tsikulo mlongo wawo adzakhale asakudya, adzamutenga. Amayi anagwada, nafotokoza kuti ulendowo ndi wa tsiku lathunthu m'fumbi ndi m'mabampu, kuti munthu akhoza kusanza m'basi, ndiponso kuti mawaya ayenera kukachotsedwa kuchipatala chimene anawamanga. Azakhali anayankha kuti waya ndi waya, kumudzi kuli mnyamata wokonza njinga amene ali ndi zitsulo zonse. Atate anamva zonsezi kudzera pachitseko, koma munthu sangakangane ndi amene anamubereka kumsana, makamaka ali wotsekedwa mano. Anangotseka maso.

Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa tanthauzo la ulendowo. Kwathu ana ndi a kuchikazi, koma mwamuna ndi wa alongo ake. Atate akanakwera basi ija ngati munthu wolanditsidwa kwa mkazi wolephera kumudyetsa, ife tikanatsala ndi amayi, ndipo iwo sakanabwereranso m'nyumba mwathu, achire kapena asachire.

Lachiwiri agogo Sakala anaona amayi akukhuthulira nkhuku phala lina limene linakanidwa. Anafunsa mafunso atatu okha ali kutsidya kwa mtengo: ngati odwalawo amamwa madzi, ngati amakonda ozizira kapena ofunda, ndiponso kukula kwa kampata kaja. Lachitatu masana anandiitana n'kundipatsa botolo lokulungidwa m'chiguduli chonyowa. Linali lozizira ngati mwala wa pamtsinje. Anati ndi supu amene azungu awo ankamwa nyengo yotentha, ndipo ndiuze amayi kuti awapatse atate monga momwe alili.

Amayi anathira pang'ono m'kapu, nayang'ana. Chinali chinthu chofiirira, chosalala, chonunkhira matimati aawisi, chosadutsa pamoto n'komwe. Azakhali anali pakhonde pomwepo akusankha nyemba. Ndakhala ndikuganizira mphindi imeneyo kwa zaka zambiri, ndipo sindiwaimba mlandu amayi. Mkazi wolangidwa bwino sapatsa mwamuna wake chakudya chozizira. Chozizira ndi mkute, chotsalira dzulo, cha ana ndi agalu. Kudutsa ndi kapu imeneyo pamaso pa mlamu amene wabwera kudzaona ngati ukusamala mlongo wake kukanakhala kudzitsutsa wekha. Choncho anachita chimene mkazi aliyense wa m'mzere wathu akanachita. Anakhuthulira supuyo m'kapoto n'kuika pambaula.

Atangowira anasanduka chinthu china. Analimba ngati phala, mafuta anayandama pamwamba, ndipo panatuluka fungo lowawasa limene linadzaza bwalo lonse. Atate atangolimva pakhomo la chipinda anatembenukira kukhoma, nakweza dzanja kuti tichoke nacho. Fungo lomwelo linawoloka mtengo wa mabulosi. Agogo Sakala anabwera mpaka pamalire, nayang'ana kapoto pambaula, nayang'ana amayi.

"Bwezani botolo langa," anatero.

Apa ndi pamene azakhali anadziwa kumene chakudyacho chinachokera. Anaika lichero pansi n'kufunsa amayi, mawu ali pansipansi koma omveka mpaka kumsewu, ngati m'tauni muno mwamuna wodwala amaphikiridwa ndi mwamuna mnzake mkazi ali pomwepo. Anafunsanso kuti bambo wokhala yekha, wopanda mkazi, akufunanji pakhomo la munthu amene sangathe kulankhula, ndipo n'chifukwa chiyani chakudya chake chimaopa moto. Analamula kuti chilichonse chochokera m'nyumba imeneyo chisalowenso m'mwathu, ngakhale mchere.

Lachinayi linali tsiku loipa. Atate anagwa pobwera kuchimbudzi, ndipo anawanyamula ndi amuna awiri odutsa m'njira. Azakhali anachapa malaya onse a atate n'kuyamba kusoka chikwama chong'ambika chimene ankafuna kulongezamo. Amayi anakhala pathebulo lawo la matimati m'mbali mwa msewu tsiku lonse, akuyang'ana kumodzi, ogula akuchita kuwagwedeza phewa.

Lachisanu sindinapite kusukulu. Ndinazungulira kuseri n'kukapeza agogo Sakala akunola mipeni yawo pamwala, monga ankachitira m'mawa uliwonse ngakhale analibenso womuphikira. Ndinagwada n'kuwapempha apangenso. Anakana osandiyang'ana. Anati anamva zonse zimene zinanenedwa, makoma a m'komboni ndi opyapyala, ndipo iwo anaphikira nduna ndi akazembe popanda munthu kuwafunsa chimene akufuna pakhomo. Ndinawauza kuti basi ndi ya mawa. Anati basi si yawo. Ndiye ndinanena chimene ndinachiganiza m'njira yonse: azakhali analetsa zochokera m'nyumba mwawo, koma sanandiletse ine kukonza chakudya cha atate anga pabwalo pathu, ndi zinthu zathu, wina akundiuza ali pampando wake.

Anasiya kunola. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Onetsa manja."

Ndinawaonetsa.

"Kasambe mpaka mu vigongono. Na sopo. Ukabwera na dothi mu chala chimodzi, nilowa mu nyumba."

Anatulutsa mpando wawo n'kuuika mbali yawo ya mtengo, mapazi osadutsa muzu umene tinkauyesa malire. Ine ndinayala mphasa mbali yathu. Ndinatenga matimati asanu ndi limodzi okupsa kwambiri pathebulo la amayi, amene ogula ankawakana chifukwa chofewa, mnkhaka umodzi, kachidutswa ka anyezi, kambewu kamodzi ka adyo, ndimu, ndi nyenyeswa za buledi wogona. Anandiuza kuwiritsa madzi kaye, ndipo ndinaona azakhali pakhonde akutukula mutu poganiza kuti mwina zinthu ziphikidwa. Koma madziwo anali ongoviikamo matimati, kuwerenga mpaka makumi awiri, n'kuwavuula kuti khungu lisendeke ndi chala. Madzi otsalawo anati ndiwaike pambali azizire, chifukwa madzi a kumpopi osawiritsa samayandikira wodwala. Mnkhaka ndinausenda n'kuupala njere ndi sipuni. Anyezi anati ndimuviike m'madzi a mchere kuti ukali uchoke.

"Chotsa njere zonse," ankatero. "Imodzi ikakodwa mu waya, ndiwe uzaichotsa?"

Zonsezi ndinasinja m'kamtondo ka nsinjiro katatsukidwa kawiri, pamodzi ndi buledi woviika uja, ndikuthira mafuta ophikira pang'onopang'ono, madontho okha, dzanja lina likupitiriza kusinja mpaka kufiira kuja kunasanduka mtundu wa dothi la katondo. Anandiuza kuwonjezera masipuni awiri a mtedza wokazinga wosinjasinja. Anati azungu awo sankathira mtedza, koma azunguwo ankamwa supuyu podikira nyama, pamene atate analibe china chodikira. Kenaka mchere, madzi a ndimu, ndi madzi owiritsa aja. Pomaliza ndinasefa ndi nsalu yoyera ya amayi ya kutchalitchi, ndikupotokola mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo anandibwezetsa kusefa kachiwiri atangomva kaliridwe kake pogwera m'mbale. Ntchito yonseyo sinafike theka la ola. Ndinathira m'botolo lathu, n'kulikulunga m'chidutswa cha thumba la makala chimene ndinachapa, n'kulipachika panthambi ya mbali yathu pamene pankadutsa mphepo.

Chovuta chinali kudikira. Chiguduli chikayamba kuuma ndinkachinyowetsanso, ndikukhudza botolo ndi tsaya kuti ndimve ngati lazizira, agogo Sakala akundiuza kuti ndilisiye, kulikhudzakhudza ndi kumene kumalitenthetsa. Amayi anabwera kuchokera kumsewu, naona zimene zikuchitika, nalowa m'nyumba osafunsa. Azakhali anapitiriza kusoka chikwama. Singano yawo inkalowa ndi kutuluka, ndipo sanachotse maso awo pa ine ndi pa bambo wokhala pampando uja.

Cha m'ma 3 koloko agogo Sakala anagwedeza mutu. Ndinatsitsa botolo, ndinathira m'kapu, ndinanyamuka. Ndisanafike pachitseko, azakhali anali ataima pamenepo.

"Lawa," anatero.

Ndinamwa. Kunali koyamba kumulawa atazizira, ndipo ndikukumbukira kudabwa kwanga kuti chinthu chosaphika chingakhale chofatsa chotero pakhosi, chowawasa pang'ono, chonona. Ndinapukuta pakamwa n'kuyesa kudutsa, koma sanasunthe.

"Iwe ndiwe manja chabe," anatero. "Mwini wake ndi uyo wakhala apoyo. Alawe iyeyo."

Ana a masiku ano sangamvetse kulemera kwa mawu amenewa. Kwathu munthu akakupatsa chakumwa amayamba walawa yekha, ndipo zimenezi zimachitika mwaulemu, popanda womuuza. Koma kumuuza munthu kuti alawe, pagulu, ndi kumunena kuti akhoza kupha. Nthawi imeneyo amayi a kumpopi anali atasiya ndowa zawo n'kuyandikira, ena ataima kumpanda, ana atakwera pamulu wa njerwa. Amayi anatuluka, nagwada pafumbi, nati, "Alamu, chonde, bambo awa ndi aakulu." Azakhali anayankha kuti ukulu wa munthu sanauone ukudzutsa maliro, ndipo iwo anatsala ndi mlongo mmodzi yekha.

Agogo Sakala anaimirira pang'onopang'ono, nanyamula mpando wawo, nalowa m'nyumba, natseka chitseko. Ndinaima ndi kapu m'manja, ndikumva kuzizira kwake kukuthawira m'zala zanga, ndipo m'mutu mwanga ndinkaona kale atate akukwezedwa m'basi ngati thumba. Wina kumpanda anaseka pang'ono n'kusiya.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka atavala jekete yoyera ya pantchito, ya mabatani mpaka pakhosi, yositidwa bwino ngakhale inali itayamba chikasu m'mphepete, imene palibe wa ife anali ataionapo. Sanadutse pansi pa mtengo. Anazungulira kumsewu, nalowera polowera alendo, naima n'kunena kuti odi. Amayi anayankha ndi mawu osamveka. Anafika pamene ndinaima, nalandira kapu ndi manja awiri, namwa theka lonse ali chiimire, mosafulumira, pakhosi pawo pakuoneka kumeza kulikonse. Atatha anandibwezera kapu.

"Mchere wachepa pang'ono, Enelesi," anatero. Kenaka anatembenukira kwa azakhali. "Nizankhala pano mpaka dzuwa ilowe, amayi. Nikafa, muzaona na maso yanu."

Anakhala pa chitsa chimene tinkawazirapo nkhuni, padzuwa, msana uli chilili, manja ali pamaondo.

Azakhali anapatuka pachitseko. Tinalowa atatu. M'chipindamo munali motentha ngati mu uvuni, mukununkha thukuta ndi mankhwala otsukira m'kamwa, ntchentche imodzi ikugunda pawindo. Azakhali anagwada n'kutsamiritsa mutu wa atate pachifuwa chawo monga ayenera kuti ankachitira ali mwana. Amayi anavula chingwe m'khosi n'kugwira kachitsulo kaja katatsegulidwa kale. Ine ndinatsuka kapu, ndinathira supu wina, ndinasolola mtima wa bolopeni yanga ya kusukulu n'kutsuka kapaipi kotsalako m'madzi owiritsa, chifukwa ndi kokhako kamene kankakwana pakampata ka dzino.

Atate ananunkhiza, ndipo sanatembenuke. Anandiyang'ana, nayang'ana kachitsulo m'manja mwa amayi, ndipo ndinaona kuti akuopa. Ndinawauza kuti ndapanga ndine. Sindidziwa ngati ndi chimene chinawachititsa, koma analola kuti ndilowetse kapaipiko. Kufiira kunakwera pang'onopang'ono, kunaima pakati, kunabwerera pansi, kenaka kunakweranso mpaka kukalowa. Anameza kamodzi. Tonse tinayang'ana mapewa awo. Ndinaona chala cha amayi chitayera pogwira chitsulo. Anapuma, nameza kachiwiri. Anamwa motero, akupumira, mpaka kapu inafika pakati, ndipo anasiya n'kutseka maso.

Tinadikira. Sindingathe kunena kuti zinali mphindi zingati. Ndikudziwa kuti mwendo wanga unachita dzanzi ndipo sindinausunthe. M'mimba mwawo munalira kamodzi, amayi n'kudzuka pamaondo, koma mapewa sanagwedezeke. Potsiriza atate anatsegula maso, nagogoda kapu ndi chikhadabo, nakankha mawu kudutsa m'mano omangidwawo. Sitinamve. Anabwerezanso, ndipo amene anamva anali azakhali.

"Akuti mchere," anatero.

Anawatsamiritsa kukhoma, natuluka okha, nabwera ndi mchere pachikhatho, nathira m'kapu, natakasa ndi kapaipi kaja. Atate anamaliza kapu imeneyo, ndipo dzuwa lisanalowe anamwanso theka la ina. Nditatuluka kukatenga botolo ndinapeza anthu atabalalika, koma agogo Sakala ali pachitsa pomwe paja, jekete itanyowa ndi thukuta kumsana. Ndinawauza kuti atate amwa. Anafunsa ngati asanza. Ndinati ayi. Anayang'ana dzuwa, naona kuti likadalipo, nakhalabe mpaka linabisika kuseri kwa madenga. Ndipo ananyamuka, natulukira kumsewu kumene analowera.

Loweruka basi inapita popanda wa m'nyumba mwathu. Azakhali anati aonapo sabata imodzi, ndipo anakhala masiku asanu ndi anayi. Ankandidzutsa okha kuti ndipange supu ndisanapite kusukulu, ankatsuka matimati okha, ankanyowetsa chiguduli okha ine kulibe, koma sanamulawe ndi tsiku limodzi lomwe. Ankati zamasamba zosaphika n'za mbuzi. Sindinena kuti matimati ndi amene anachiritsa atate. Chimene supuyo anachita ndi kuwachotsa mantha. M'mimba mutatseguka anayamba kulandira mkaka, msuzi wa nyemba wosefa, ndi phala lamadzimadzi, ndipo pamene azakhali ankakwera basi okha, atate anawaperekeza ndi miyendo yawo mpaka pamsewu waukulu. Mawaya anakachotsedwa kuchipatala pa nthawi yake. Atate anakhala nafe mpaka anaona ana anga.

Azakhali sanapepese. Sindikhulupirira kuti anaona chopepesera, popeza kwa iwo anachita chimene mlongo ayenera kuchita. Atate atatsegulidwa pakamwa, ulendo wawo woyamba unali wopita kwa agogo Sakala ndi tambala m'manja. Agogowo anawalandira pakhonde mwaulemu, nalandira tambalayo, nakambirana za mvula. Koma kuyambira Lachisanu lija agogo Sakala sanapondenso pabwalo pathu. Popita kumpopi ankazungulira njira yaitali. Amayi akandituma ndi mbale ya ndiwo, ankathokoza n'kunena kuti adya kale. Ndipo m'komboni nkhani inayenda mwa njira yake: anthu amene anaona bambo wachikulire akuuzidwa kulawa anakumbukira kuuzidwako, osati kumwako, ndipo ena anayamba kunong'ona kuti matimati okha sangadzutse munthu, payenera kuti panali kamuzu ka mankhwala. Amayi ena analetsa ana awo kutola mabulosi a mbali ya agogo Sakala. Mvula yachiwiri isanagwe, mwana wamkazi wa agogowo anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Ndola, ndipo sindinawaonenso.

Ndinali nditakula, ndili pantchito, pamene ndinazindikira bwino chimene ndinachita m'mawa wa Lachisanu lija. Bambo uja anali atakana, ndipo anali ndi chifukwa chokanira. Ndine amene ndinawatulutsa m'nyumba ndi nzeru zanga za mwana wa sukulu, n'kuwakhazika pamene chala chikanatha kuwaloza. Atate anga anatsala nafe, ndipo mtengo wake analipira munthu amene sanali mbale wathu. Ndikanabwerera ku tsikulo ndikanawapemphabe, ndipo chimenechi ndi chimene chimandisowetsa mtendere.

Lero ndimakhala ku Mtendere, m'nyumba ya njerwa, ndipo ndili ndi makina opera zamasamba ndi firiji imene imagwira ntchito magetsi akakhalapo. Nyengo yotentha ikafika, pakapezeka wodwala m'dera lathu la mpingo amene chakudya chikumukanika, amatumiza uthenga kwa ine. Ndimapanga, ndimasefa kawiri, ndimanyamula botolo ndekha. Ndikafika pakhomo ndimapempha kapu ndisanakhale pansi, abale a wodwala akundiyang'ana, ena mwa iwo anthu amene sindinawaonepo. Ndimathira n'kumwa theka ndili chiimire, msangamsanga, pasanapezeke wotsegula pakamwa kundiuza.